Tchaja Abweretsa Mwini Wake

M'tauni yonse ija, anthu odziwa kumene Mzime ankagona anali awiri okha: Mzime mwiniwake, ndi mkulu wake, mayi wojambula zithunzi amene aliyense ankangomuti Kamodzinso. Dzinali analipata pantchito. Kaya ndi paukwati, kaya paphwando la mwana, iye sankatsitsa kamera asananene kuti, "Kamodzinso abale, wina waphethira." Anthu anatola mawuwo n'kumumata nawo, moti dzina lake lenileni linangochita dzimbiri.

Mzime, monga dzinalo likunenera, ndiye anatseka mimba ya mayi awo. Anali atathawa kubanja. Ndikati kuthawa musaganize za mkazi wolongedza sutikesi n'kukatsanzika apongozi, ayi. Anagogoda kwa mkulu wake m'mawa wina ali ndi diresi yokhayo ya m'thupi, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka. Mwamuna wake anali wogulitsa zitsulo za magalimoto, munthu wa malaya ositidwa bwino ndi mawu ofatsa. Ine anthu otere ndimawaopa kuposa chidakwa chotukwana mumsewu, chifukwa chidakwa umachimva chikadali kutali n'kupatuka.

Mlamuyu anali ataletsa Kamodzinso kuponda pakhomo pake kalekale, choncho za m'nyumbamo anazimva mochedwa, pang'onopang'ono, Mzime akamatsuka mbale atamufulatira. Zibakera zinalipo. Koma chimene chinkamunjenjemeretsa mawu Mzime chinali china: bamboyo anagula kamera. Ankamujambula ali mtulo, akuyanika zovala, akugula masamba pamsika iye ali phee m'galimoto kutsidya kwa msewu. Madzulo ankamukhazika pampando n'kumamuonetsa chithunzi chimodzichimodzi. "Ukumusekererayu ndani? Nanga apa unkayang'ana kuti?" Chiyambire pamenepo Mzime akaona kamera ankatembenuza nkhope, ngakhale ya mkulu wake imene inkawadyetsa.

Kamodzinso sanachite zachibwana. Anasamuka osauza munthu, n'kukachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire, kumapeto kwa tauni. Anasintha nambala ya foni, foni ya Mzime anaitaya m'ngalande. Pobwera kuntchito ankatsika minibasi pamalo olakwika dala, n'kukwera ina. Tsiku lina ataona galimoto ya mlamu wake ikumutsata mwapang'onopang'ono, analowa mumsika kumbali ya nsomba n'kukatulukira ku zovala zakale. Ngakhale amayi a nyumba sanawauze zoona. Anangoti mng'ono wakeyo amadwaladwala, safuna alendo.

Ndiye kamera yake inafa. Inafera paphwando la mwana, makandulo ali chiyakire, anthu atakoka kale mpweya kuti aimbe. Anadina batani, zii. Anachotsa batire, kulipukuta pa siketi, kubwezera, kudinanso, zii. Anainyamula ngati mwana wodwala kupita nayo kwa a Tochi.

A Tochi anali okonza makamera, ndipo ojambula onse a m'tauni ankathera kwa iwo. Kasitolo kawo kanali pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa zikutiro za mafoni. Munkanunkha mtovu wosungunula ndi sipiriti. Pamphumi pawo pankakhala katochi komangirira ndi lamba, ndipo ankaiwala kukazimitsa, moti polankhula nawo unkachita kuphimba maso. Kamera ija inakhala pashelefu yawo masabata angapo, matumbo ali panja, kudikira kachitsulo kamene sikankabwera. Kamodzinso ankabwereka ya anzake, koma ya mwini ndi ya mwini, amakulanda tsiku limene waifunitsitsa. Ndipo Loweruka linkabweralo anali ndi ukwati waukulu, umene anali atalandirirako kale kachikole.

Lachinayi a Tochi anamuuza mosapita m'mbali. "Mayi, iyi tiyeni tingoyiika m'manda. Yagwira ntchito yake." Kenako anawerama n'kutulutsa zinthu ziwiri n'kuziika patebulo, china m'bokosi, china chokulungidwa m'thaulo.

Ya m'bokosi inali yatsopano, pulasitiki yake isanang'ambidwe. Inali yaing'ono, yopepuka, thupi lonse la pulasitiki. "Iyi ili ndi zonse," anatero a Tochi. "Batire, tchaja, lamba, kabuku kake. Ikavuta chaka chisanathe ndimakusinthirani popanda mkangano. Palibe chala chimene chinaidinapo. Koma ndisakunamizeni, mu holo yamdima imalira. Nkhope zimatuluka mchengamchenga."

Kamodzinso anainyamula, n'kuiyesa kulemera m'dzanja, n'kukweza mlomo. "Ndikafika ndi aka paukwati, azakhali a mkwati adzandifunsa ngati wojambula akubwera m'mbuyo."

"Zithunzi amajambula ndi munthu, si kulemera kwa chitsulo."

"Kauzeni azakhaliwo."

A Tochi anaseka n'kufunyulula thaulo lija. Abale inu! Inali kamera yeniyeni, yakuda bii, yolemera, mandala ake aatali ndi otakata kukamwa, mtundu umene Kamodzinso ankangouona m'manja mwa anthu a nyuzipepala. Mtima wake unagunda, koma nkhope anaiumitsa, poti pamalonda sumwetulira.

Zogula kamera yogwiritsidwa kale ntchito ankazidziwa, pamenepo sindimunena. Anawalanda a Tochi katochi kawo n'kuunika m'mandala kufuna nkhungu. Anatsegula mokhala batire n'kununkhiza, poti kamera imene inagwerapo m'madzi sibisa fungo. Anajambula khoma loyera n'kukulitsa chithunzicho kufuna madontho. Anayang'ana timisomali ta pansi ngati tinamasulidwapo. Anafunsa kuti yadinidwa kangati chigulireni, a Tochi n'kumuonetsa: inali isanatope n'komwe. Khadi losungira zithunzi munalibe, ankayesera ndi lake. Anajambula wosoka nsapato uja mumdima wa pansi pa masitepe, ndipo chithunzi chinatuluka chakuthwa moti ulusi wa m'kamwa mwake unkaoneka.

"Mtengo?"

Atamuuza, Kamodzinso anaiika pansi msangamsanga. Unali wotsika kuposa wa kapulasitiki kaja. "A Tochi, ndili ndi mavuto okwana kale ine. Yakuba sindifuna."

"Yakuba m'sitolo mwanga? Mwini wake anabwera yekha, lisiti lili m'manja. Bambo waulemu zedi. Akuti ntchito imene anaigulira inatha, ndiye ikungodya malo. Anachita kundifunsa kuti, kodi palibe wojambula amene yake inafa, makamaka mayi wovutika, kuti imuthandize? Ine n'kuloza yanu pashelefupo. Mwayi wanu umenewo, mayi."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kamodzinso mwambiwu ankaudziwa ngati inu ndi ine, koma dzanja lake linali litabwerera kale pa kamera ija, chala chikusisita batani.

"Ndiifufute zonse za m'kati, iyambe ngati yatsopano?" anafunsa a Tochi.

"Musayerekeze!" Ojambula ali ndi kakhalidwe kawo: akagula kamera kwa munthu amene anaitchera bwino, sakhudza kanthu, kuopa kuti ubwino ungathawe. "Taonani khungu mmene likutulukira. Amene anaitchera ameneyu ankadziwa kujambula munthu. Isiyeni choncho."

"Kanthu kamodzi kokha," anatero a Tochi akukanda pansi pa lamba wa tochi. "Tchaja ilibe. Anaiwala kunyumba. Batire lake ndi lamtundu wake, zanga zonsezi sizilowa. Moto ulimo wopitirira theka, koma wa ukwati wonse sindikulonjezani."

Zakale zimatero. Sizibwera zathunthu, nthawi zonse kanthu kena kamatsalira kwa mwini wake. Kamodzinso anati mwini wakeyo adzasiye tchajayo pasitolo pomwepo. A Tochi anati mawa akupita kukagula katundu kutali, ndipo Loweruka satsegula. Analembera bamboyo uthenga pafoni, yankho n'kubwera nthawi yomweyo, ngati munthuyo anali atagwira foni kudikira. Akuti Loweruka m'mamawa adzakhala akuyenda ndi galimoto, atha kudzaisiya kunyumba kwa mayiyo kuti atchajiretu asanapite kuukwati. Angomuuza njira.

Kamodzinso anayang'ana bokosi lija la yatsopano, tchaja yake ikuonekera pa kawindo ka pulasitiki, yokulungidwa bwinobwino. Ikanakhala imeneyo akanangoinyamula n'kumapita, osauza munthu kanthu. Anayang'ananso yakuda ija. Anaganiza za holo yamdima, za diresi loyera la mkwatibwi, za maukwati ena amene akanabwera anthu akaona zithunzi zotere, za chipinda chokulirapo choti Mzime azitha kutambasula miyendo. Nanga munthu wachilendo wogulitsa kamera angadziwe chiyani za Mzime?

"Muimbireni," anatero.

A Tochi anaimba n'kumupatsa foni. Kamodzinso anapereka moni. Kumbali inayo kunalibe yankho, koma munthu analipo, mpweya wake unkamveka. "Mwina netiweki," anatero a Tochi, "ingolankhulani." Ndiye analankhula. Anatchula potsikira, chigayo, kanjira ka kumanzere kodutsa pa mpopi, geti yobiriwira. Anachenjerako pang'ono: sanatchule kachipinda kakuseri, anangoti akapereke kwa amayi a nyumba. Atamaliza, mpweya uja unamvekabe kanthawi, foni n'kuduka. Uthenga unalowa wa liwu limodzi: Chabwino.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Amayi a nyumba anali pakhonde ndi anzawo awiri a kutchalitchi, akusankha nyemba m'beseni. Ataona chikamera chija pakhosi pa Kamodzinso anakuwa. "Eee, talemera! Tijambuleni tisanafe, ana athu adzapeze chopachika."

Kamodzinso anawakhazika bwino, n'kukweza kamera. Pagalasi la kumbuyo panatuluka timabokosi toyera, kalikonse pankhope ya mayi mmodzi, monga makamera a masiku ano amachitira. Koma asanadine, timabokosi tonse tinazima. Kanatuluka kena kamodzi, kobiriwira, kakang'ono, pakona penipeni pa galasi. Mandala anazungulira okha, amayi atatu aja n'kusanduka mbuu. Kamodzinso anatsitsa kamera kuti aone. Kutali kuseri, pakati pa khoma ndi chingwe cha zovala, Mzime anali atasuzumira ndi ndowa m'manja, theka la nkhope lokha likuoneka.

Anasuntha n'kuyesanso. Timabokosi toyera tinabwerera pa amayi aja. Mzime atangodutsanso kupita kumpopi, kobiriwira kaja kanalumpha n'kumumata pankhope, n'kumayenda naye mpaka anakalowa.

"Kamodzinso, kamodzinso, mpaka mano atiuma!" anadandaula amayi a nyumba.

M'chipinda, Kamodzinso anaika kamera m'chikwama asanalowe nayo, poti ankadziwa za mng'ono wake. "Iwe, kamera yatsopanoyi yakukonda. Yasiya anthu atatu pafupi n'kuthamangira iwe."

Mzime sanaseke. Anali akupukuta mbale youma kale. "Musandilozetse chinthu chimenecho, asisi."

"Sindinakulozetse. Yakupeza yokha."

Mbale ija inaima m'manja mwa Mzime. Kenako anapitiriza kupukuta. Kamodzinso anaona kuti nthabwala yake yagwera pamwala, n'kukankhira chikwama pansi pa bedi. Mumtima munamulowa kanthu kozizira, koma anakapatsa dzina loti kutopa.

Loweruka anadzuka m'mamawa n'kumamvetsera kugeti. Kunadutsa wogulitsa makala, kunadutsa ana. Watchaja sanaoneke. Nthawi itamuthera anavala, n'kupita kwa amayi a nyumba kukawauza kuti kubwera bambo ndi kaphukusi, angolandira. Kwa Mzime anati, "Ukhome. Wina akagogoda usayankhe, amayi alandira okha."

"Ndani akubwera?"

"Palibe, munthu wa malonda basi. Sakufika kuno."

Mzime anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kukhoma chitseko. Kamodzinso anamva loko akulira kawiri kumbuyo kwake.

Kuukwati kamera ija inagwira ntchito ngati yolodzedwa. Holo inali yamdima monga ankaopera, makatani ofiira, mababu theka akufa, koma nkhope zinkatuluka zowala, thukuta la mkwati likuoneka kadontho kalikonse. Azakhali a mkwati anamupatsa mpando ndi botolo la chakumwa asanapemphe. Timabokosi tinali toyera tokhatokha, pa mkwati, pa mkwatibwi, pa ana onyamula maluwa. Kobiriwira kaja sikanaoneke ngakhale kamodzi, pakati pa anthu odzaza holo. Chinthu chimenechi chinayamba kumudya. Ankayang'ananso kachizindikiro ka batire, kamene kankaphwa ngati madzi m'ndowa yobooka.

Anthu atakhala pansi kuti adye, anakaima kukhomo ndi mnzake wa vidiyo, bambo wina wonenepa amene ankakumana naye m'maukwati ambiri. Wavidiyoyo anaitenga kamera ija n'kuitembenuza mosirira.

"Mwaba kuti, mayi?"

"Kwa a Tochi. Koma ili ndi kamzimu. Dzana yasiya anthu pafupi n'kukagwira mng'ono wanga ali kutali, ndi kabokosi kobiriwira. Lero anthu onsewa, kobiriwirako zii."

"Si mzimu umenewo. Izi zimasunga nkhope. Umaijambulitsa munthu mmodzi n'kuiuza kuti uyu ndiye wanga. Ikatero, ngakhale pakhale chikhamu chotani, imasiya onse n'kufuna yekhayo. Anthu amaikamo ana awo, kapena mkwatibwi. Mwaikamo mng'ono wanu osadziwa."

"Sindinaikemo munthu ine. Sindinakhudze chilichonse."

"Ndiye anaikamo mwini wake wakale." Wavidiyo anaseka, akudina mabatani ndi chala chake chonenepa. "Koma zingatheke bwanji? Mwina amangofanana. Tiyeni tione chibwenzi cha eni ake. Nachi."

Anamutembenuzira galasi. Panali timalo tingapo topanda kanthu, ndipo pamalo oyamba panali kachithunzi kakang'ono. Mkazi atagona chammbali pa pilo wa maluwa, maso otseka, pakamwa potseguka pang'ono, mlomo wam'munsi wong'ambika. Kamodzinso ankaudziwa mlomo umenewo. Ankadziwa kachipsera ka pachikope, poti analipo tsiku limene mwanayo anagwa pa njinga ya bambo awo.

Mawu a Tochi aja anamubwerera m'mutu. Bambo waulemu. Ntchito imene anaigulira inatha. Kodi palibe mayi wojambula amene yake inafa? Mlamu wake ankawadziwa a Tochi, poti anamuperekezako Kamodzinso kumeneko ndi galimoto masiku amene ankafunsira Mzime. Ndipo pafoni paja sanalankhule chifukwa Kamodzinso akanamuzindikira pa liwu loyamba. Munthu amene anamuzemba m'misika miyezi yonseyi, iye mwini anamulondolera njira ndi pakamwa pake, mpaka mtundu wa geti.

"Mayi, mwatani? Khalani pansi," anatero wavidiyo.

Kamodzinso anamulanda kamera. Anaimbira amayi a nyumba, foni n'kumangoitana. Anaimbanso, chimodzimodzi. Mzime analibe foni, anaitaya yekha Kamodzinso ndi dzanja lake. M'holo wina anali akulengeza kuti wojambula abwere kutsogolo, akufuna kudula keke.

"Jambulani ndi yanuyo," anamuuza wavidiyo, n'kuthamanga.

Sanasinthe minibasi tsiku limenelo. Anakwera yoyamba, n'kukhala pakhomo pafupi ndi kondakitala, akumupempha kuti asaime. Koma minibasi ndi minibasi. Inaima pa siteji iliyonse, inadikira mayi wa mtolo wa nzimbe, inabwerera m'mbuyo kutsata munthu amene sanakwere n'komwe. Kamodzinso anapemphera mapemphero opanda mutu. Analonjeza Mulungu kuti aibweza kamerayo, aiphwanya, asiya kujambula, chilichonse.

Pachigayo anatsika galimoto isanaimitsitse. Anadutsa pampopi, anthu akumuyang'ana. Pafumbi la kutsogolo kwa geti yobiriwira panali mapazi a matayala, olowa ndi otembenuka.

Amayi a nyumba anali kuseri akuchapa, manja ali thovu lokhalokha, foni ili m'nyumba. Anamulandira ndi chimwemwe. "Mwabwera msanga! Mlendo wanu uja anafika, mutangochoka. Koma ndiye munthu waulemu, mayi! Anthu otere atsala ochepa. Wandigulira ndi shuga."

"Mzime ali kuti?"

"Ine ndimati ndilandire kaphukusiko, iye akuti ayi amayi, chinthuchi n'chovuta kulumikiza, ndiyenera kumuonetsa wa m'nyumbamo, mwina chingapse. Ndiye ndinamuperekeza. Mng'ono wanu sankayankha, mpaka ndinachita kumuitana ine kuti tsegula mwanawe, ndi ine. Atatsegula ndinawasiya, ndinali ndi madzi pamoto."

"Ali kuti?"

Amayi aja anasiya kumwetulira. "Anatuluka limodzi. Bamboyo anati ndi mwamuna wake, akupita naye kuchipatala. Anamugwira bwinobwino pamkono, apa. Ine ndinati, kani ali ndi mwamuna, bwanji osandiuza? Mwanayo sanayankhe, anangondiyang'ana." Anapukuta manja pansalu pang'onopang'ono. "Koma ndinadabwa kuti akupita kuchipatala osavala nsapato."

Chitseko cha kachipinda chinali chotsekedwa bwino, kiyi ali pomwepo. M'kati munalibe chogwa ngakhale chimodzi. Bedi loyalidwa, mbale zotsukidwa, masilipasi a Mzime ali pambali pa bedi moyang'anizana. Kapu ya tiyi inali patebulo, yomwedwa theka. Ndipo pakati pa tebulo, pamalo amene anachita kusuntha kapu kuti pakhale bwino, panali tchaja yakuda, chingwe chake chokulungidwa mwaudongo n'kumangidwa ndi kalabala.

Kamodzinso analira pamenepo, kulira kwenikweni, kogwira m'mimba. Anadzitukwana mayina onse amene ankawadziwa. Amayi a nyumba ataimirira pakhomo anamva nkhani yonse m'zidutswazidutswa, n'kukhala pansi pa simenti, manja kumutu. "Mukanandiuza, mwana wanga. Mukanandiuza, ndikanamuthira madzi otentha aja." Kenako anadzuka, n'kuthamangira foni kuti aimbire apolisi ndi mwana wawo wamwamuna wa njinga yamoto.

Nkhani zinabwera madzulo asanafike, ndipo zonse zinali zoipa. Kunyumba kwa mlamu kunali loko, oyandikana nawo akuti anasamutsa katundu sabata yatha. Sitolo yake ya zitsulo anaigulitsa. Galimoto inapezeka kwa munthu wina amene anaigula masana omwewo, ndipo iyeyo anati anawatsitsa awiriwo pafupi ndi depoti ya mabasi akutali, bambo ndi mkazi wake wodwala, wofunda nsalu kumutu. Wapolisi anafunsa ngati pali chithunzi cha wosowayo. Kamodzinso, mayi amene anajambula theka la tauni, analibe chithunzi cha mng'ono wake ngakhale chimodzi cha zaka zimenezi. Chokhacho chinali m'kamera ija. Ataiyatsa kuti amuonetse, kachizindikiro ka batire kanaphethira kofiira, galasi n'kuda.

Anaiyang'ana tchaja ija. Sankafuna kuikhudza, inali ngati yatuluka m'chimbudzi. Koma anamasula kalabala, n'kulumikiza kukhoma, n'kulowetsa batire. Inalowa bwinobwino, kanyali n'kuyaka. Anakhala pansi pambali pake nsapato zili kuphazi, akuwerengera mumtima mabasi amene amanyamuka dzuwa likamalowa. Sanadikire kuti batire lidzaze.

Kudepoti kunali anthu ngati nyerere. Mabasi ali ndondondo, mainjini akulira, oitanira akukokerana akatundu, utsi, ana, amayi ofunda nsalu kumutu osawerengeka. Maso a munthu sakanatha. Kamodzinso anakwera pa benchi ya simenti, wogulitsa madzi akumukalipira kuti waponda malonda ake. Anayatsa kamera, n'kutambasula mandala aja mpaka kumapeto, monga mwini wake ankachitira ali m'galimoto kutsidya kwa msewu.

Timabokosi toyera tinadzaza galasi, kuyaka ndi kuzima pankhope za anthu osawadziwa. Anayamba ndi basi ya kumanzere, windo ndi windo, pang'onopang'ono. Toyera. Anapita pa yachiwiri, imene inali itayamba kale kusuntha. Toyera, toyera. Misozi inkamutchinga, ankaipukuta ndi phewa osatsitsa kamera.

"Mufune," ankainong'oneza. "Unamupeza kuseri kwa zovala, theka la nkhope. Mufunenso."

Anafika kumapeto kwa mzere wa mabasi, kobiriwira osaoneka. Kanyali ka batire kanali katayambanso kufiira. Anabweza mandala kumanzere, pa basi yoyamba ija, n'kupuma mpweya wautali.

"Kamodzinso," anatero.